Kudutsa Pakhonde la Akamwini

Matenda amene ndinadwala ine alibe dzina loti munthu wamkulu angalitchule pagulu. Kuchipatala anandiuza mosabisa kuti chiberekero chinatsika, ndipo kuti potsikapo chinakokera pansi chikhodzodzo. Koma kwa abale ndi kwa amayi anzanga a kumpingo tinkangoti ndi matenda a amayi, ndipo aliyense woleredwa bwino ankasiyira pomwepo kufunsa.

Ndinakhala nawo zaka zambiri osauza munthu. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo kuno ku Mzuzu ndinabwera ndi malemu amuna anga pamene boma linawatumiza kudzagwira ntchito. Tinamanga kanyumba ku Kaning'ina, pamalo otsetsereka moyang'anana ndi nkhalango. Iwo atamwalira sindinaone chifukwa chobwerera kwathu, popeza manda awo ali konkuno. Mpopi wa madzi uli kumunsi kwa bwalo, nyumba ili kumtunda, ndipo ndowa iliyonse imene ndinkakwera nayo inkandikumbutsa kuti m'thupi mwanga muli chinthu chimene chachoka pamalo pake. Ndinaphunzira mpaka kusekondale, zolembedwa pamakoma a chipatala ndimawerenga ndekha. Koma sukulu siichotsa manyazi, imangowaphunzitsa kuyankhula bwino.

Anazitulukira ndi mzime wanga, mwana wamkazi, mphunzitsi wa kupulayimale amene anakwatiwa ku Katawa. Anaona kuti kutchalitchi ndasiya kugwada pamodzi ndi anzanga, ndiponso kuti poyenda ndimaimaima m'njira ngati ndikusirira mbewu za eni ake. Sanandifunse pamsewu. Anadikira tifike kunyumba, anatseka chitseko, n'kugwada pafupi ndi mpando wanga.

"Amayi, ine ndinatuluka m'thupi limeneli. Mungandibisire chiyani?"

Opaleshoni anaichita modzera m'njira yobadwira mwana, kotero kuti pamimba panalibe bala loti n'kuonetsa munthu. Odzandizonda ankayang'ana bandeji osaiona, ndipo ankachoka akuti agogo achira msanga. Anamwino amene ananditulutsa anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa adzukulu anga akuluakulu, koma mawu awo anali a munthu wozolowera kumveredwa. Anati ndisanyamule kanthu kolemera kuposa ketulo ya tiyi, ndisanjute, ndisachime kuchimbudzi, ndisakwere njinga yamoto. Ndizimwa madzi ambiri, ndizidya zipatso ndi masamba, ndipo mkodzo ukabwera ndisaugwire.

"Ulusi tasokera m'katimo umasungunuka wokha, agogo, koma mnofu umafuna miyezi kuti ugwirane. Mukauthamangitsa tidzakumananso patebulo lomwelija, ndipo kachiwiri sikakhala kophweka."

Mwana wanga sanandifunse maganizo. Anauza anamwinowo kuti amayi sabwerera ku Kaning'ina, akupita ku Katawa. Chimene chinali mumtima mwanga sichinali choti n'kunena pamaso pa mlendo. Ku Katawa kunali akamwini anga.

Ndiyenera kufotokoza za iwowa, kuti wina asaganize kuti panali chidani. Akamwini anga ndi Mtumbuka wa cha ku Rumphi, munthu wofatsa, wamtali, wa mapewa owerama chifukwa cha ntchito yawo ya utelala. Chikwatirireni mwana wanga sanandilakwirepo ngakhale ndi diso. Koma ine ndinakulira m'mudzi momwe apongozi ndi akamwini sadyera pamodzi, sakhala moyang'anizana, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire. Ndi mmene tinkachitira ife awiri. Ndikapita kukacheza kwawo, iwo ankavula chipewa, n'kunjuta chapatali atayang'ana kumbali, n'kuomba m'manja pang'ono.

"Mwawuka uli, amama?"

Ine ndinkayankha nditayang'ana pansi, ndipo zotsalazo zinkadzera mwa mwana wanga. Iye ankatiseka, ankati tili ngati mayiko awiri amene amayankhulana kudzera mwa kazembe. Koma akamwiniwo mwambowu ankausunga mofanana ndi ine, popanda wowakakamiza, ndipo ndinkawalemekeza kwambiri chifukwa cha chimenecho. Ulemu wotere ndi wopepuka pamene munthu wabwera kudzacheza masana okha. Kugona m'nyumba imodzi, uli ndi matenda a kumalo obisika, ndi nkhani ina.

Nyumba yawo ndi yaing'ono, ya chitseko chimodzi chotulukira kunja. Anandipatsa chipinda cha adzukulu anga, amene nthawi imeneyo anali kusukulu yogonera komweko. Bafa ndi chimbudzi zili kuseri. Kuti munthu afike kumeneko amatulukira pakhonde, n'kutsata khoma mpaka pangodya, n'kukhotera kumbuyo. Ndipo pakhonde pomwepo ndi pamene panali makina a akamwini, makina akale opondera ndi mapazi. Ankakhala moyang'ana kumsewu, kuti kuwala kuziwagwera pansalu ndiponso kuti aziona makasitomala akubwera. Chitseko chinali kumsana kwawo.

Masiku oyamba sindinavutike, chifukwa mwana wanga anapempha tchuthi kusukulu. Ankandigwira mkono, ndipo tikafika pachitseko ankangoti, "Abambo, tapitani mukagule ulusi," iwo n'kunyamuka osafunsa kuti ulusi wa mtundu wanji. Koma tchuthi chinatha. M'mawa uliwonse, chifunga chisanachoke pamadenga, iye ankanditengera madzi osamba kubafa, n'kundisiyira phala, mapapaya ndi botolo lalikulu la madzi akumwa, n'kuthamangira minibasi. Tinkatsala awiri, ine ndi akamwini, khoma limodzi pakati pathu.

Ndinapeza njira yanga. Makina akamalira, ndinkadziwa kuti akamwini aweramira pansalu, maso ali pasingano, ndipo phokosolo likubisa mapazi anga. Pamenepo ndinkatsegula chitseko n'kudutsa kumbuyo kwawo. Sindinkatha kufulumira. Ndinkayenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza, dzanja lili kukhoma, ndipo mtunda umene mwana wamng'ono angaudumphe kangapo unkanditengera nthawi yaitali. Pobwerera ndinkaima pangodya n'kudikiranso kuti makina ayambe.

Koma amene sanakhalepo pafupi ndi telala sadziwa kuti kusoka ndi gawo laling'ono la ntchito yake. Telala amayeza, amajambula ndi choko, amadula, amasita, amamasula zimene walakwitsa, ndipo amacheza ndi makasitomala amene amabwera ndi nsalu imodzi ndi nkhani khumi. Makina amatha kukhala chete theka la m'mawa. Ine ndinkaima kuseri kwa chitseko, chikhodzodzo chosokedwa kumene chikundiwawa, ndikumva lumo likudya nsalu pang'onopang'ono, ndikumva abambo ena akufotokoza za mpira. Kutuluka pamene makina ali chete kunali kulengeza kwa akamwini anga kumene ndikupita, ndi kangati, ndiponso kuti ndakhalako nthawi yaitali bwanji. Zimenezo sindikanatha.

Choncho ndinachita chimene chinkaoneka chanzeru kwa ine. Ndinachepetsa kumwa madzi. Botolo lija ndinkalithira m'maluwa a pawindo kuti mwana wanga alipeze lopanda kanthu. Tiyi ndinkangolawa. Mapapaya ndinkati andikwana. Maluwa aja anasangalala, koma ine m'mimba munauma, mkodzo unayamba kutentha, ndipo m'mawa wina ndinachita chimene anamwino anandiletsa: ndinachima. Pansalu panaoneka magazi ofiira, osati otsalira aja a masiku oyamba.

Mwana wanga anandiperekeza kuchipatala tsiku lomwelo. Anamwino aja atandiyeza anavula magolovesi mwakachetechete, n'kukhala pampando moyang'anizana nane.

"Ulusi sunaduke, agogo, koma mwaukoka. Lilime lanu lauma ngati chikopa. Madzi mukumwa?"

"Ndikumwa pang'ono."

"Botolo limatha tsiku lililonse," anatero mwana wanga.

"Limathera mwa ndani?" anafunsa anamwinowo.

Anandipatsa mankhwala ofewetsa m'mimba ndi ena a mkodzo, ndipo ananena mawu amodzi amene ndinawatenga: kuti thupi langa lakhululuka kamodzi, ndisaliyese kachiwiri.

Pobwerera tinatsika minibasi chapatali ndi nyumba kuti ndiyende pang'ono, ndipo m'njiramo ndinamuuza mwana wanga zonse, za chitseko, za makina, za maluwa. Ndinamuuzanso chimene ndinatsimikiza: kuti Loweruka ndibwerera ku Kaning'ina, kumene chimbudzi ndi changa ndipo palibe munthu woti ndizimuopa.

"Ndipo madzi azikutungirani ndani kumeneko?"

"Ndizitunga pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono wake uti, amayi? Inu ndimakudziwani. Tsiku loyamba kabigiri, lachiwiri ndowa, lachitatu tikupezani mukulima kuseri. Bwanji ndiwauze abambo asamutsire makina kumsika mpaka muchire?"

Ndinaima pamsewu. Ndinamuuza kuti akayerekeza kutero, ndinyamuka tsiku lomwelo osadikira Loweruka. Mwamuna achotsedwe pakhonde pake, pamene makasitomala ake anazolowera kumupeza, chifukwa cha chikhodzodzo cha apongozi ake? Ndipo akafunsa chifukwa, amuuza chiyani? Ndinamulumbiritsa kuti asatchule kanthu.

"Mwambo wanuwu udzakuphani," anatero, misozi ili m'maso.

"Umene unandilera ndi womwewu."

"Ndiye mukufuna kung'ambika chifukwa cha ulemu?"

"Yankhula motsitsa, anthu akudutsa."

Tinafika kunyumba. Akamwini anaimirira, anavula chipewa, anayang'ana kumbali, ndipo anafunsa mkazi wawo kuti kuchipatala ayenda bwanji. Iye anayankha kuti bwino, koma anamwino akuti amayi azimwa madzi ambiri. Sananene china, ndinali pomwepo ndikumva. Madzulo ndinatulutsa chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kupindamo zitenje zanga. Ndinkadziwa kuti mwana wanga akunena zoona za ndowa. Ndinkadziwanso kuti ndikabwerera ndekha ku Kaning'ina, mwina ntchito yonse ya madokotala ipita pachabe. Koma pa zoopsa ziwirizo, chimene ndinkatha kuchipirira chinali cha ndowa.

M'mawa mwake, chifukwa cha mankhwala aja, ndinayenera kutuluka msanga. Ndinatsika pabedi, ndinavala patapata, ndinafika pachitseko. Kunja kunali zii, ndipo ndinakonzeka kudikira monga mwa masiku onse. Ndisanaike n'komwe dzanja pachogwirira, makina anayamba. Analira mosalekeza, mofanana, mpaka ndinakhota pangodya. Pobwerera, nditangofika pangodya pomwepo, anayambanso.

Ndinati ndi mwayi. Masana zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo tsiku lotsatira lonse zinali choncho. Ndinaganiza kuti mwina alandira ntchito yaikulu, mayunifolomu a sukulu kapena zovala za kwaya, zimene zimakhala ndi misoko yaitali. Ndinayamba kumwa madzi mosaopa, ndinadya mapapaya onse, ndipo thupi linamasuka. Koma chikwama sindinamasule. Ndinkati ntchito yaikulu imatha, ndipo ikatha ndibwerera kuseri kwa chitseko.

Lachisanu m'mawa kunali kamvula kowaza kaja kamene kuno sikasankha nyengo. Ndinadutsa makina akulira, ndinalowa kubafa, ndipo ndili m'menemo ndinamva mawu a mayi wina akuodira pakhonde. Ndinkawadziwa mawuwo. Anali mayi wa ku Mangochi, Msilamu, amene amagulitsa nsalu ndi ulusi kumsika waukulu ndipo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Munthu wansangala, wa pakamwa posatopa. Ndinamaliza kusamba, ndinafika pangodya, ndipo ndinaima mobisika. Makina anayamba.

"Atelala," anatero mayiwo mokweza kuti apose phokosolo, "kodi mukusoka mphepo?"

"Nkhuyezga lamba, amama. Ndikuyesa lamba wa makina."

"Lamba wake ameneyu ngodwala chomwechi? Dzulo ndikupita kumsika, lamba. Dzana ndikubwera, lamba. Singano mulibe ulusi, pansi palibe nsalu, inu thukuta kamukamu ngati mukupalasa njinga yopita ku Ekwendeni. Diresi langa lili apo sabata yonse osalikhudza."

"Diresi lanu ndi la mawa."

"Mawa lake la atelala timalidziwa. Kapena mukuphunzitsa miyendo kuti mukayambe kabaza?"

Makina sanaleke. Ndinamva akamwini akutsitsa mawu, koma khoma la pangodya limabweza mawu bwino kuposa mmene iwo ankaganizira.

"Phepani, khalani pampandopo muyang'ane kumsewu. Amama ali panjira."

Mayi uja anakhala chete, chinthu chimene sindinamvepo akuchita. Kenaka ndinamva mpando ukukokedwa, ndipo mayiwo anayamba kuyankhula mokweza za mtengo wa nsalu kumsika wa Taifa, nkhope ili kumsewu, ngati kuti ndi zimene anabwerera.

Sindikudziwa kuti ndinaima pangodyapo nthawi yaitali bwanji. Kamvula kankandinyowetsa phewa limodzi. Makina ankangolirabe, ndipo ndinazindikira kuti salekeza mpaka nditadutsa, kuti munthu wa zaka zake, wa mawondo amene mwana wanga amawapaka mankhwala madzulo, apalasa chopondera chopanda ntchito mpaka ine nditalimba mtima. Choncho ndinadutsa. Podutsapo ndinachita chimene sindinachitepo chiyambire: ndinaponya diso pa phewa lawo. Singano inkakwera ndi kutsika pachitsulo chopanda kanthu. Mutu wawo unali woweramira pansi kwambiri, ngati munthu amene akusoka msoko wovuta.

Nditalowa m'chipinda ndinakhala pabedi, ndipo choyamba kubwera chinali manyazi, otentha ngati malungo. Ndiye kuti ankadziwa. Ankamva bedi likulira, ankamva patapata, ankadziwa kuti ndaima kuseri kwa chitseko, mwinanso ankandimva masiku onse aja ndikudikira, osadziwa chimene ndikudikira, mpaka tsiku la kuchipatala lija pamene anamva za madzi n'kulumikiza okha. Chilichonse chimene ndinkabisa chinali poyera.

Koma manyaziwo sanakhalitse, chifukwa ndinayamba kuona zina zimene ndinkaziona osaziona. Kuchimbudzi kunali kampando kathabwa koboola pakati, kuti ndisanjute. Mwana wanga anati anakagula kumsika, koma miyendo yake inali yodulidwa molingana ndi msinkhu wanga, ndipo mwana wanga sadziwa kugwira sowo. Pampando wa m'chipinda panali katsamiro kofewa ka tizidutswa ta nsalu zamitundumitundu. Ndowa ya kubafa inkapezeka itaikidwa pamwamba pa njerwa, kuti ndisawerame potunga. Munthu ameneyu ankandisamala masiku onsewo, ndipo ntchito yaikulu imene ankagwira inali yoti ndisadziwe kuti akundisamala. Ine ndinkaganiza kuti ulemu wa pakati pathu ndikuusenza ndekha, ndipo unkandilemera mpaka kufuna kundithyola. Koma mbali inayo anali atagwira iwo.

Tsono vuto linali lakuti ndichite chiyani. Kuwathokoza sikukanatheka, chifukwa kuthokoza kukanaulula kuti ndaona, ndipo ntchito yawo yonse ikanagwa. Kungokhala chete n'kumadutsa, munthu akupalasa makina opanda kanthu pamaso pa anthu a mumsewu, akusekedwa ndi makasitomala, sikukanathekanso. Ndinakhala ndikuganiza mpaka dzuwa linapendeka, maso ali pachikwama chija.

Mwana wanga atabwera kuchokera kusukulu anandipeza nditatulutsa zitenje zonse, nditaziunjika pabedi. Anayang'ana chikwama chopanda kanthu, anandiyang'ana ine, ndipo mwanzeru sanafunse.

"Tenga izi," ndinatero, "ukawapatse abambo. Uwauze kuti m'mphepetemu mukufunika kupindanso."

Anatenga chimodzi n'kuchitambasula pawindo.

"Amayi, izi n'zopinda kale."

"Anapinda molakwika."

"Molakwika pati? Msoko uli bwinobwino uwu."

"Wakhota. Telala wake anali wothamanga."

Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, zitenje izi tinakupatsani ndife pa Khirisimasi zaka zosiyanasiyana. Anapinda ndi iwowa."

Ndinali nditaiwala. Chitseko cha chipinda chinali chotsegula, cha pakhonde chinalinso chotsegula, ndipo makina anali chete. M'moyo wanga wonse ndinali ndisananenepo mawu onyoza akamwini anga, ndipo tsopano ndinanyoza ntchito ya manja awo iwo akumva.

Pakhonde panamveka kutsokomola pang'ono.

"Amake ana," anatero akamwini, "auzeni amama kuti akunena zoona. Telala ameneyo ndikumudziwa, anali wachibwana chomene. Zibwere kuno. Koma auzeni kuti ntchito yotere siyothamangira. Ndizichita chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, pakati pa ntchito zina. Itenga nthawi."

"Itenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa mwana wanga, akuyang'ana ine.

"Mwina mpaka mvula yeniyeni itayamba."

"Uwauze," ndinatero, "kuti ndidikira. Sindingapite kwathu kusiya zitenje zanga."

Mwana wanga anatuluka ndi mulu wa zitenjewo ataukumbatira pachifuwa. Ndinamumva akuseka pakhonde, kuseka kosakanizika ndi kufwenthera, akuti, "Inu anthu awiri mudzandipengetsa." Sindikudziwa ngati akamwini anamufotokozera pambuyo pake. Ine sindinamuuze za makina opanda ulusi, ndipo iye sanandifunse.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikafika pachitseko makina ankayamba monga kale, koma kulira kwake kunasintha. Makina opanda nsalu amalira mopepuka, ngati chitini. Okhala ndi nsalu amalira mokhuta. Ndikamadutsa ndinkaona ndi ngodya ya diso chitenje changa chikuyenda pansi pa singano. Ankamasula msoko wakale madzulo, n'kudula kachingwe kakang'ono m'mphepete, n'kusiya chitenjecho pambali pa makina kuti chikhale chokonzeka. Ine ndikangokhota pangodya, ankachichotsa n'kubwerera ku ntchito ya makasitomala. Diresi la mayi wa ku Mangochi linatha, ndipo mayiwo anayamba kumabwera madzulo ena kudzakhala nane m'chipinda, atanditengera nthochi ndi mandasi. Anandiuza kuti mayi awo anadwala matenda omwewa ndipo anamwalira nawo osauza munthu, kufikira osambitsa maliro anaona. Za lamba sanatchulepo.

Kuchira kwenikweni kunali kotopetsa, ndipo sindikufuna kukukometsa. Panali masiku amene msana unkawawa kuyambira m'mawa, masiku amene ndinkalira chifukwa chongoona tsache lili pakona ine osaloledwa kuligwira. Manja a munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse sadziwa kukhala pamiyendo. Mwana wanga ankandipatsa nyemba kuti ndizisankha, ndipo ndinkazisankha mosamala kuposa mmene nyemba zimafunira. Adzukulu atabwera kutchuthi anagona pabalaza osadandaula, ndipo wamkulu, amene ndi namwali tsopano, ndinamuitana tsiku lina n'kumuuza dzina lenileni la matenda anga, kuti iye asadzakhale nawo zaka zambiri ngati ine. Ndinayamba kuyenda mpaka pamsewu, kenaka mpaka pagolosale, kenaka mpaka kutchalitchi, kumene ndinkakhala pabenchi anzanga akagwada, ndipo palibe amene anandifunsa.

Mvula yeniyeni itayamba ndinapitanso kuchipatala. Anamwino aja anandiyeza, ndipo ulendo uno povula magolovesi ankamwetulira.

"Mwagwirana bwino, agogo. Ndani amakusamalani?"

"Mwana wanga," ndinatero. Kenaka ndinaona kuti yankholo ndi loperewera, ndipo ndinawonjezera, "ndi akunyumba kwake."

Anandilola kubwerera kwathu, koma anati ndowa yodzaza ndisadzaisenzenso moyo wanga wonse. Pamene ndinkafika ku Kaning'ina ndinapeza paipi itakwezedwa kuchokera kumunsi kuja mpaka pakhomo la khitchini. Mwana wanga anati anaitana amisiri. Ndinayang'ana ngalande imene anakwiriramo paipiyo, yowongoka ngati msoko, ndipo sindinafunse zambiri.

Tsiku lonyamuka ku Katawa, akamwini anatenga chikwama changa n'kutsogola nacho kumsewu, kumene galimoto inkadikira. Atachiika m'galimotomo anavula chipewa, ananjuta chapatali, anayang'ana kumbali. Ine kunjuta sindiloledwa, choncho ndinangowerama pang'ono pamene ndinaima, n'kuomba m'manja. Mwana wanga anaima pakati pathu kudikira uthenga woti apereke.

"Uwauze abambo kuti zitenje zapindidwa bwino," ndinatero.

"Auzeni amama kuti yewo chomene. Zikadzakhotanso, makina alipo."

Mpaka lero sitidyera pamodzi, ndipo tikakumana panjira timapatukirana monga kale. Zitenje zija ndimavala zomwezo. Zonse zinafupika pang'ono, moti akakolo amaonekera, ndipo amayi ena a kumpingo anandifunsapo ngati ndayamba kutsata mavalidwe a atsikana. Ndinawayankha kuti anandisokera ndi akamwini anga, ndipo sindikuona cholakwika.